Wodwala Abwerere Kumudzi: Mbiri ya Wanchito Wodwala m'Dziko Lathu

Pa migodi ya ku Kopala, m'zaka za m'ma 1930, wanchito wacikuda sanali kulandira malipiro pa kutha kwa mwezi. Anali kulandira akadzaza tikiti. Tikitiyo inali ya masiku 30 ogwira nchito, ndipo tsiku lililonse akatuluka mu mgodi anali kumucongera limodzi. Popeza pa Sondo anali kupuma, tikiti imodzi inali kutenga milungu isanu. Munthu akagona m'cipatala ca kampani masiku khumi anali kudya ndi kumwa mankhwala, koma tikiti yake inali kuima pamene anaisiya. Akagwidwa ndi matenda osacira msanga, anali kumulemba kuti sangathenso nchito, n'kumutumiza kwao. Malo ake ogona m'komboni anali kupatsidwa kwa wina.

Lero lamulo la Zambia likamba zina. Wanchito wa kontrakiti yaitali akadwala ali ndi miyezi isanu ndi umodzi asanacotsedwe, ndipo akacotsedwa cifukwa ca matenda ayenera kupita ndi malipiro a miyezi itatu pa caka ciliconse cimene anagwira. Pakati pa tikiti ija ndi lamulo ili pali zaka pafupifupi 90. Zaka zonsezi anthu anali kulimbirana funso limodzi: thupi la wanchito likatha, alipire ndani?

Mudzi ndiwo unali cipatala

Nkhaniyi iyambira pa msonkho. Kampani ya British South Africa, imene inalamulira dziko lino kufikira mu 1924, inaika msonkho wolipira ndi ndalama kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Kumudzi ndalama kunalibe. Conco amuna a ku Petauke, ku Lundazi ndi ku Fort Jameson, kumene lero ticha Chipata, anayamba kuyenda wapansi kupita ku mapulazi ndi ku migodi ya Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni. Ena analowa mu mgodi wa Broken Hill ku Kabwe. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 makampani anayamba kukumba migodi ikuluikulu ya mkuwa: Roan Antelope ku Luanshya, Nkana ku Kitwe, Mufulira, ndi Nchanga ku Chingola.

Boma la atsamunda silinali kufuna kuti munthu wakuda akhazikike m'tauni. Kwa iwo anali mlendo wonyamula citupa, wobwera kudzagwira nchito kanthawi n'kubwerera kwa mfumu yake. Nyumba inali ya kampani, phoso linali la kampani, ndipo malipiro anali ongokwanira mwamuna mmodzi. Dongosolo limeneli linali lokomera kampani kwambiri. Mudzi unali kulera mwana mpaka akule, kampani n'kumutenga ali ndi mphamvu zake zonse. Akadwala kapena kukalamba, mudzi womwewo unali kumulandiranso. Amene anali kumusambika, kumuphikira phala ndi kumulimira munda anali amai ake, mkazi wake ndi alongo ake. Nchito ya unesi imeneyi sanalandirepo ngakhale kobiri.

Godfrey Wilson, mtsogoleri woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, anafufuza umoyo wa anchito ku Broken Hill ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 1941 ndi 1942. Anaonetsa kuti anthu ambiri anali atayamba kale kukhala zaka zambiri m'tauni, pamene boma linali kuwaonabe ngati alendo, ndiponso kuti midzi inali kusauka cifukwa amuna amphamvu anali atacokamo. Umphawi wa kumudzi ndi phindu la mgodi zinali zomangika pamodzi.

Sikuti makampani sanali kusamala za matenda. Pamene Roan Antelope inali kumangidwa, malungo ndi matenda ena anapha anthu ambiri kotero kuti mbiri inamveka yakuti mu mtsinje wa Luanshya muli cinjoka cimene cikudya anthu. Anchito anayamba kuthawa. Kampani inaitana J. E. Stephenson, amene anthu anali kumucha Chirupula, kuti akonze mwambo pamodzi ndi akuluakulu a Cilamba wothamangitsa njokayo. Inaitananso Sir Malcolm Watson wa ku Ross Institute, amene analangiza zoumitsa madambo ndi kuongola mtsinje kuti udzudzu usaswane. Imfa zinacepa kwambiri, ndipo mpaka lero ku Mufulira kuli cipatala cochedwa ndi dzina lake. Apa kampani inatulutsa ndalama msanga cifukwa malungo anali kuimitsa nchito. Vuto linatsala pa matenda amene amaoneka munthu atacoka kale.

Fumbi la m'mapapo

Pobowola mwala pansi pa mgodi pamatuluka fumbi losalala kwambiri la silika. Likalowa m'mapapo silitulukanso. Limasiya zipsera, mapapo n'kuuma, munthu n'kuyamba kupuma mobanika ngakhale akuyenda pa malo athyathyathya. Matendawa, ochedwa silikosisi, angatenge zaka khumi kapena kuposerapo asanaonekere. Alibe mankhwala ocizira, ndipo amatsegulira khomo cifuwa ca TB.

Migodi ya golide ya ku South Africa inawadziwa matendawa kale. Cakuciyambi kwa zaka za m'ma 1910 dzikolo linali ndi lamulo lolipira ogwidwa ndi fumbi, koma mzungu anali kulandira zambiri, wakuda zocepa. Bungwe la Wenela, limene linali kulemba anthu a ku Barotseland, ku Nyasaland ndi ku Mozambique, linali kubweza odwala kwao. Kumudzi kunalibe makina ojambulira cifuwa, kunalibenso wolemba kuti uyu wafa ndi fumbi la ku Joni. Anthu anali kungoti anabwera ndi cifuwa, ena n'kumaloza zala kwa nkhalamba za m'mudzi.

Kuno kwathu, pofika mu 1950 kunali lamulo la matenda a fumbi ndi ofesi ku Kitwe yopima mapapo a anthu a m'migodi. Ofesiyo ikalipo, ndipo lero ichedwa Occupational Health and Safety Institute. Aliyense wofuna kutsika pansi pa mgodi ayenera kupimidwa ndi kutenga setifiketi yoonetsa kuti mapapo ake ali bwino. Apa boma linavomera poyera kuti pali matenda obwera ndi nchito, ndipo kuti mwini nchito ali nawo mlandu. Koma citetezoci cinabwera ndi msampha wake. Kwa zaka zambiri, wopezeka ndi TB sanali kuloledwanso kugwira nchito pansi pa mgodi. Bambo wa ana asanu akayamba kutsokomola anali kudziwa kuti kupita ku cipatala ca kampani n'kutaya setifiketi, nchito ndi nyumba. Ambiri anasankha kubisa. Lamulo loteteza mapapo popanda kuteteza mphika wa nsima limapangitsa wodwala kuthawa dotolo.

Mutu umodzi susenza denga

Kusintha sikunabwere cifukwa ca cifundo ca abwana. Mu Meyi 1935 anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope ananyanyala nchito atamva kuti msonkho wakwera. Ku Luanshya apolisi anawombera, anthu 6 n'kufa. Mu 1940, azungu a m'migodi atanyanyala n'kupeza zimene anali kufuna, akuda nawonso anaima. Ku Nkana asilikali anawombera ndipo anthu 17 anafa. Sitalaka ziwirizi zinali za msonkho, malipiro ndi nkhanza za akapitao, koma zinaphunzitsa boma kuti anthu amene linali kuwacha alendo anali atakhala gulu lotha kuimitsa cuma ca dziko.

Mu 1949 tumabungwe twa pa migodi tunagwirizana n'kupanga African Mineworkers' Union, pansi pa utsogoleri wa Lawrence Katilungu. Mu 1952 bungweli linaimitsa migodi kwa milungu itatu popanda cisokonezo, ndipo kuciyambi kwa 1953 woweruza mkanganowo, C. W. Guillebaud, anakweza malipiro. Kuyambira pamenepo nkhani za nyumba, chuthi, kuvulala ndi ndalama zopita nazo kunyumba zinayamba kukambidwa pa thebulo, n'kulembedwa m'mapangano a pakati pa kampani ndi bungwe. Wanchito mmodzi wodwala analibe mau pamaso pa manijala wa komboni. Anchito zikwizikwi anali nawo.

Titalandira ufulu mu 1964, boma latsopano linapanga lamulo la nchito, Employment Act ya 1965. Mu 1966 linakhazikitsa Zambia National Provident Fund kuti wanchito azisunga kangacepe ka ukalamba, ndipo linatseka khomo la Wenela. Mu 1969, ku Matero, Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 a migodi. Mu 1982 makampani awiri a migodi anaphatikizidwa kukhala ZCCM. Makolo anu amene anakulira ku Wusakile, ku Kantanshi kapena ku Chiwempala angakuuzeni mmene zinalili: cipatala ca mgodi, nyumba ya mgodi, madzi ndi malaiti a mgodi. Kwa nthawi yoyamba, wodwala sanali kutumizidwa kumudzi mwamsanga. Koma zabwino zonsezi zinali zomangiriridwa ku kampani imodzi, ndipo kampaniyo inali kudalira mtengo wa mkuwa, umene unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970.

Matenda atsopano, eni atsopano

Mavuto awiri anafika nthawi imodzi. Loyamba linali Edzi. Munthu woyamba kupezeka nayo m'Zambia analembedwa mu 1984, ndipo mu 1987 Kaunda anauza dziko kuti mwana wake Masuzyo anamwalira nayo. Kunalibe mankhwala. Aphunzitsi, manesi, madalaivala ndi asilikali anali kudwala miyezi yambiri, kubwerera pa nchito, n'kudwalanso. Mau akuti "wacotsedwa pa zifukwa za matenda" anakhala ofala m'makalata a maofesi. Ambiri anabwerera kwa amai awo okalamba, monga mmene anacitira agogo awo m'masiku a tikiti.

Laciwiri linali kugulitsa makampani a boma. Frederick Chiluba, amene anali mtsogoleri wa mabungwe a anchito, analowa m'boma mu 1991, ndipo lamulo logulitsa makampani linabwera mu 1992. Mu 1994 mgodi wa Kabwe unatsekedwa ndipo Zambia Airways inathetsedwa. Mgodi wa Luanshya unagulitsidwa mu 1997, koma pofika mu 2000 kampani imene inaugula inali itagwa, ndipo anchito anadikira nthawi yaitali kuti aone ndalama zawo. M'caka comweco ca 2000 migodi ikuluikulu yotsala ya ZCCM inagulitsidwa. Eni atsopano anayamba kupereka nchito zambiri kwa makontrakitala, amene anali kulemba anthu pa miyezi yowerengeka. Munthu wa kontrakiti ya miyezi itatu akadwala, abwana safunika kumucotsa. Amangodikira kuti kontrakiti ithe.

M'nyengo imeneyi amuna awiri amene anali kugwira nchito ku Zambia Air Force, Stanley Kingaipe ndi Charles Chookole, anatengera boma ku khoti. Iwo anapimidwa kacilombo ka HIV osauzidwa, ndipo pambuyo pake anacotsedwa nchito kuti thanzi lawo silinali lokwanira. Mu Meyi 2010 khoti lalikulu ku Livingstone linagamula kuti kupima munthu popanda cilolezo cake n'kuphwanya ufulu wake. Khotilo silinavomere kuti anacotsedwa cifukwa ca kacilomboko, conco nchito sanabwererepo. Ngakhale n'conco, mlanduwo unaika malire: kulemba munthu nchito sikupatsa bwana mphamvu pa magazi ake.

Nkhani ya fumbi la ku Joni nayonso inafika ku khoti, koma mocedwa. Thembekile Mankayi, amene anagwira nchito mu mgodi wa golide ku South Africa, anapatsidwa pafupifupi R16,000 cabe mapapo ake ataonongeka. Anasuma kampani ya AngloGold Ashanti, ndipo mu Malichi 2011 khoti la malamulo aakulu a dzikolo linati anali ndi ufulu wosuma. Iye anali atamwalira masiku ocepa cigamulo cisanatuluke. Mlandu wake unatsegula njira ya mlandu wa anthu ambiri, ndipo mu 2019 khoti linavomereza pangano la R5 biliyoni ndi makampani a golide, loyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust. Panganoli likhudza amene anagwira nchito kuyambira mu Malichi 1965. Agogo athu ambiri amene anapita ku Joni kale-kale ali kunja kwake. Mtengo wa matenda awo unalipiridwa ndi midzi.

Zimene lamulo la 2019 likamba

Mu 2015 nyumba ya malamulo inaletsa kulemba munthu ngati waganyu pa nchito yokhalitsa, ndipo inalamula kuti bwana azipereka cifukwa comveka pocotsa wanchito. Mu 2019 malamulo angapo akale, kuphatikizapo lija la 1965, anafafanizidwa n'kulowedwa m'malo ndi Employment Code Act. Nazi zimene linalemba pa za matenda.

Mukadwala kapena kuvulala, muyenera kudziwitsa abwana ndi kupereka kalata ya ku cipatala. Ngati kontrakiti yanu ndi yaifupi, yosapitirira caka, mulandira malipiro onse kwa masiku 26 ogwira nchito, ndi theka kwa masiku ena 26. Ngati ndi yaitali, mulandira malipiro onse miyezi itatu yoyamba, ndi theka miyezi itatu yotsatira. Miyezi isanu ndi umodzi ikatha musanacire, abwana angakucotseni pa zifukwa za matenda, koma pokhapokha dotolo atalangiza conco. Akatero, kuwonjezera pa zina zonse zimene muli nazo kale, ayenera kukupatsani malipiro osacepera a miyezi itatu pa caka ciliconse cathunthu cimene munagwira. Lamulo lomweli liletsa kucotsa munthu cifukwa cakuti anali pa chuthi ca matenda kwa kanthawi, liletsa kusala munthu cifukwa ca thanzi lake, ndipo lipatsa wanchito masiku 7 pa caka osamalira mkazi, mwamuna kapena mwana wodwala.

Tiwerengere pamodzi. Tinene kuti malipiro anu enieni, osawerengera ndalama za nyumba ndi za basi, ndi K3,000 pa mwezi, ndipo mwagwira zaka zisanu zathunthu. Mukacotsedwa pa zifukwa za matenda, miyezi itatu pa zaka zisanu ndi miyezi 15, kutanthauza K45,000. Mukacotsedwa cifukwa kampani ikucepetsa anchito, lamulo lipereka miyezi iwiri pa caka, ndiye K30,000. Koma mukalemba nokha kalata yosiya nchito, ndalama ya matenda ija simuiona. Ndiye cifukwa cake wodwala ena amamunyengerera kuti "ingolembani kalata, mukacira mudzabwerera." Kalata imeneyo imasandutsa ngongole ya bwana kukhala mtolo wa banja lanu.

Ngati matenda kapena ngozi yabwera ndi nchito yeniyeniyo, njira ndi ina. Nkhani yotere ipita ku Workers' Compensation Fund Control Board, imene likulu lake lili ku Ndola, ndipo olemba nchito ndiwo amasonkha ndalama za thumbalo. Amene wasonkha ku NAPSA kwa nthawi yokwanira, ndipo sangathenso kugwira nchito iliyonse, angapemphe penshoni ya kulemala. Bwana akakana kulipira, pali ofesi ya Labour ya m'boma lanu, pali gawo la khoti lalikulu loona za anchito, ndipo kwa wopanda ndalama ya loya pali Legal Aid Board. Madandaulo otere ali ndi malire a masiku, conco osagonera.

Amene atsala kunja

Tsopano yang'anani m'komboni mwanu, kaya ku Kanyama, ku Chawama, ku Chipulukusu kapena ku Kapata. Ndi angati ali ndi kontrakiti yolembedwa? Kondakitala wa minibasi, mtsikana wa pa kantemba ka mobile money, mnyamata wonyamula katundu ku Soweto, womanga nyumba pa pisiweki: ambiri a iwo amalandira pa tsiku limene agwira. Tsiku limene agona ndi malungo, palibe cimene cilowa m'thumba. Akadwala miyezi iwiri apeza wina waima pa malo awo. Amene amalipira ndi amai ogulitsa tomato, mlongo amene asiya sukulu kuti adwazike, ndi kaloba. Kusiyana kwake ndi 1935 n'kwakuti ambiri a inu munabadwira m'tauni, ndipo mulibe mudzi wokatulako matenda.

Mbiriyi ionetsa kuti miyezi isanu ndi umodzi ija inapezedwa pang'ono-pang'ono, ndi anthu amene anagwirizana, amene anasunga mapepala, ndi amene analimba mtima kupita ku khoti. Ionetsanso kuti zimene zapezedwa zingathe kutayika popanda lamulo kusintha, kungocepetsa kutalika kwa kontrakiti. Cakudza siciimba ng'oma, ndipo matenda safunsa msinkhu. Mukalowa nchito, pemphani kontrakiti yolembedwa ndipo sungani kope lanu. Sungani mapepala a malipiro a mwezi uliwonse. Funsani ku NAPSA ngati ndalama imene akudulani ifikadi. Mukadwala, tengani kalata ya ku cipatala tsiku lomwelo, muijambule pa foni musanaipereke. Ngati pa nchito panu pali bungwe la anchito, lowani mukali bwino. Ndipo wina akakubweretserani pepala muli pa bedi, muuzeni kuti mudzasaina mukaliwerenga ndi munthu wodziwa lamulo.